Kukumbukira china kumakwirira chinzake: zokambirana pa gulu la a kwathu okhala mu Harare

Nambewe, Mufakose: Mwaswera bwanji nonse. Aphunzitsi Mwale muli pafupi? Nkhani ndi ya mwana wanu wa Fomu 4 uyu. Sabata yonse wakhala akudzifunsa yekha mafunso a Biology, za mtima ndi mitsempha, mpaka kuziloweza. Dzulo pa mayeso oyeserera funso la mtima wakhoza bwinobwino, koma la maselo a magazi, zomwe mwezi watha ankandifotokozera ine ndikutsuka mbale, akuti m'mutu munangoti zii. Wabwera akulira. Mayeso a boma a ZIMSEC ndi awa ayandikira. Ndi mantha chabe kapena pali vuto?

Aphunzitsi Mwale, Highfield: Taswera mayi, kaya inu. Mtima m'malo, mwanayo alibe vuto. Ndimaziona chaka ndi chaka. Mwana akagwira mbali imodzi ya mutu n'kumabwereza yokhayo, mbali yotsalayo imamuthawa, nthawi zina kuposa mitu imene sanaikhudze n'komwe sabata imeneyo. Tadala mwana wanga, iwe unaphunzira za maganizo a munthu, tatiuza ngati zilimo m'mabuku mwanu.

Tadala, Warren Park: Zilimo ndithu bambo. Pa Chingerezi amati retrieval-induced forgetting. Anazionetsa bwino mu 1994 ndi anthu atatu a ku yunivesite ya UCLA ku America, Michael Anderson, Robert Bjork ndi Elizabeth Bjork. Anapatsa ophunzira mawu 48 oti aloweze, m'magulu 8, gulu lililonse mawu 6: lina la zipatso, lina la zakumwa, choncho. Kenako anasankha magulu 4, ndipo m'gulu lililonse anawafunsa mawu 3 okha, mobwerezabwereza. Ankawapatsa dzina la gulu ndi zilembo ziwiri zoyambirira, ngati ine nditalemba kuti chipatso, la..., inu n'kumaliza kuti lalanje. Patadutsa mphindi 20 anawauza kuti atchule mawu onse aja.

Omwe anafunsidwa anawakumbukira kwambiri, izo n'zosadabwitsa. Nkhani inagona pa otsala. Nthochi, yomwe inali gulu limodzi ndi lalanje koma sinafunsidwe, inaiwalika kuposa mawu a m'magulu amene sanakhudzidwe n'komwe. Chonsecho onsewo anawerengedwa mofanana poyamba paja, ndipo onsewo sanabwerezedwe. Tsoka la nthochi linali kukhala gulu limodzi ndi lalanje.

Madalitso, Epworth: Achemwali sindikumvetsa. Tinakula tikuuzidwa kuti kubwereza ndiko kumakhazikitsa zinthu m'mutu. Nanga chikuchotsa nthochiyo n'chiyani poti palibe waikhudza?

Tadala: Taganizani achimwene, pa msonkhano wa ku tchalitchi wina aimirire kutsogolo n'kuitana kuti a Phiri. Anthu 10 adzuka nthawi imodzi. Woitanayo akufuna m'modzi, ndiye ena 9 aja awakhazika pansi. Akatero kangapo, tsiku limene adzawafunedi a Phiri enawo adzazengereza kudzuka. Anderson amafotokoza choncho. Mukamafunafuna chinthu m'mutu, zinzake zofanana nacho zimadzuka pamodzi n'kumapikisana, ndipo ubongo umazipondereza kuti chomwe mukufunacho chituluke. Kuponderezako kumasiya chizindikiro.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimagwirizana ndi maganizo amenewa. Mawu omwe amavulala kwambiri ndi odziwika, amene amafulumira kubwera m'mutu mukangomva dzina la gulu. Zipatso zosazolowereka sizinakhudzidwe kwenikweni, poti sizinkapikisana ndi china chilichonse. Komanso anthu akangopatsidwa mawuwo kuti awerengenso ndi maso, osawafufuza okha m'mutu, kawirikawiri zinzakezo siziiwalika chonchi. Mu 2015 Maria Wimber wa ku Birmingham ndi anzake, Anderson ali pomwepo, anaika anthu m'makina ojambula ubongo, ndipo anaona chithunzi chopikisanacho chikufooka pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene munthu wakumbukira chinzake.

Nambewe: Ndiye ndimuuze asiye kudzifunsa mafunso, azingowerenga buku?

Aphunzitsi Mwale: Ayi mayi, chonde asasiye. Kudzifunsa ndiyo njira yamphamvu kuposa kungowerenga. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti patapita sabata, odziyesa amakumbukira zambiri kuposa ongobwereza kuwerenga. Vuto ndi kusankha. Ana amakonda kudzifunsa zomwe akuzidziwa kale chifukwa zimawasangalatsa, ndiponso amatsatira mphekesera zoti chaka chino kubwera funso lakuti. Akagwira mutu augwire wonse. Ndipo asaloweze zidutswa. Atenge pepala limodzi ajambule ulendo wa selo limodzi lofiira: likutenga okosijeni m'mapapo, likulowa kumanzere kwa mtima, likukankhidwa kupita m'thupi lonse, likubwerera kumanja kwa mtima, likupitanso m'mapapo. Pamenepo mtima, mitsempha ndi maselo zakhala nkhani imodzi.

Tadala: Bambo Mwale anena zomwe Anderson ndi McCulloch anapeza mu 1999. Anthu atauzidwa kuti alumikize mawu a m'gulu limodzi, kuona momwe akukhudzirana, kuiwala kuja kunachepa kwambiri, pena kutheratu.

Che Saidi, Mbare: Salaam nonse. Izi ku madrasa masheikh anaziona kalekale. Mwana woloweza Qur'an samusiya kuti azingothamanga ndi sura yatsopano. Tsiku lililonse ali ndi gawo latsopano, gawo la masiku apitawa, ndi gawo lakale lomwe amazungulira nalo mpaka majuzu, zigawo za Qur'an, onse 30. Pomwe ana amagwa kwambiri ndi pa ma aya, mavesi a Qur'an, ofanana, oyamba ndi mawu amodzimodzi koma othera kosiyana. Ukazolowera ya mu sura imodzi, ukafika pa inzake lilime limakhotera kwa yoyamba ija. Sheikh wathu ankatiikira ma aya awiriwo moyandikana, tiziwerenga pamodzi mpaka tione pomwe akusiyanira.

Nachisale, Dzivarasekwa: Ine changa n'chachilankhulo. Tsiku lonse pa msika ndi Chishona ndi makasitomala. Ndikafika kunyumba kufuna kutuma mwana kuti andipatse mthiko, pakamwa pakubwera mugoti basi, mthiko ndimachita kuufunafuna. Ndi zomwezi?

Tadala: Zikufanana mayi. Mu 2007 Benjamin Levy ndi Anderson ku Oregon anatenga olankhula Chingerezi omwe ankaphunzira Chisipanishi. Atatchula zithunzi mu Chisipanishi mobwerezabwereza, mawu a Chingerezi a zithunzi zomwezo anayamba kuwavuta. Koma ena ku Barcelona anayesanso mu 2012 ndipo sanapeze zomwezo, choncho pa chilankhulo akatswiri akadakokanakokana.

Aphunzitsi Mwale: Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino kuyambira 2013, koma m'nyumba zathu zambiri makolo amafunsa m'Chichewa ana n'kuyankha m'Chishona. Iyo ndi nkhani ya tsiku lina, yayitali.

Madalitso: Tsopano ndayamba kuona. Chaka chatha ndinaona ngozi pa msewu wa Chiremba ndili pa chiwongolero cha kombi. Aliyense wondifunsa ankafuna mtundu wa galimoto ndi nambala yake, ndinazinena mpaka kutopa. Patapita miyezi wina akundifunsa kuti kodi woyendetsayo anavala chiyani, munali anthu angati, ine osaona kanthu m'mutu. Koma tsiku la ngoziyo ndinafotokozera akazi anga zonsezo.

Tadala: Za mboni anaziyesa mu 1995, John Shaw pamodzi ndi Robert Bjork ndi mnzawo wina. Anaonetsa anthu zithunzi za chipinda chokhudzana ndi nkhani ya kuba, n'kuwafunsa kangapo za zinthu zina za m'chipindamo. Zinthu za mtundu womwewo zomwe sanafunsidwe zinaiwalika kwambiri. Pali njira yofunsira mboni yomwe Ronald Fisher ndi Edward Geiselman anakonza m'ma 1980, yoti munthu ayambe wafotokoza yekha zonse, zazing'ono zomwe, wofunsa asanamudule ndi mafunso ake. Zikadzachitikanso, Mulungu asalole, lembani zonse papepala tsiku lomwelo musanayankhe aliyense.

Madalitso: Ndiye zikapita zapitiratu?

Tadala: Ayi. Sikufufuta, n'kuvuta kufikira basi, ndipo mu labotale kusiyana kwake sikukhala kwakukulu. Malcolm MacLeod ndi Neil Macrae mu 2001 anapeza kuti patadutsa maola 24 kuiwalako kunali kutatha, ngakhale ena anakupezabe patapita sabata. Enanso monga Jeroen Raaijmakers wa ku Amsterdam sagwirizana ndi zoti ubongo umapondereza. Iwo amati chomwe mwabwerezacho chimangokula mphamvu n'kumatsekereza zinzake pakhomo. Koma onse amavomereza kuti zimachitika.

Agogo Phiri, Mabvuku, akulemba ndi mdzukulu: Ana anga, mdzukulu wakhala akundiwerengera. Tadala wati zimatha pa tsiku limodzi. Nanga chinthu chobwerezedwa zaka ndi zaka? Ine nkhawa yanga ndi mbiri ya malemu. Pa maliro onse a anthu akwathu mbiri ndi imodzimodzi. Anabadwira ku Dedza kapena ku Ntcheu. Anachoka chifukwa cha msonkho kapena njala ya 1949. Anayenda pansi kudzera ku Tete, anawoloka Zambezi, analowera ku Mutoko. Anagwira ntchito pa famu ya fodya, kenako ku Salisbury, Harare wa lero. Anali mkulu wa mpingo. Mawu amenewa ndawamva ndi kuwanena mpaka ine ndemwe ndikafuna kukumbukira bambo anga ndi omwewa amabwera. Koma bambo anga ankasema mipini Loweruka lililonse kuseri kwa nyumba, atakhala pa chitini, kasemasema ali m'manja. Anali ndi mlongo wawo kumudzi amene ankamutumizira nsalu. Makalata opita kwa mlongoyo ndinkalemba ndine, ndili mwana wa sukulu, iwo akunena ine ndikulemba. Lero dzina la azakhali angawo landithawa. Za ulendo wa ku Tete, womwe sindinauone, ndingakuuzeni mtsinje ndi mtsinje.

Nachisale: Agogo mwandikhudza. Inu mukudziwa kuti ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro. Pepala lomwe timapereka kwa anamfedwa lili ndi mizere yomweyo: anabadwa liti, kuti, anabwera liti kuno, ntchito, mpingo, wasiya ana angati, zidzukulu zingati. Usiku wa pa siwa abale amakhala pansi n'kudzaza mizereyo, mawa lake wina awerenga, pa chiliza awerenganso lomwelo.

Tadala: Agogo, funso lanu la zaka ndi zaka ndi lalikulu kuposa zoyesa za mphindi 20. Koma pali mbali imodzi imene inayesedwa ndipo ikukhudza maliro mwachindunji. William Hirst wa ku New York ndi anzake, Alexandru Cuc ndi Jonathan Koppel, anaonetsa mu 2007 kuti si wolankhula yekha amene amaiwala. Anthu awiri awerenge nkhani imodzi, m'modzi aifotokoze akusiya zina, womvetsera nayenso amaiwala zosiyidwazo, makamaka akamamvetsera mwatcheru n'kumatsatira mumtima ngati mnzake akunena zoona. Mu 2009 Hirst ndi Alin Coman anapeza zomwezo pa anthu ocheza za zomwe anaona pa 11 September 2001, tsiku lomwe zigawenga zinaukira America, zinthu za moyo wawo weniweni. Tsono pa maliro wolankhula ndi m'modzi, omvetsera mwatcheru ndi banja lonse, ndipo onse akusiya zinthu zofanana pa nthawi imodzi.

Aphunzitsi Mwale: Apa ndilankhule mosapsatira. Zina zimasiyidwa dala, ndipo n'koyenera. Amuna ambiri anabwera kuno atasiya mkazi ndi ana kumudzi, n'kukwatiranso kuno. Kumudzi ankawatcha machona. Kodi tiimirire pa manda, amayi a kuno ali pomwepo akulira, n'kumatchula mkazi wa ku Ntcheu? Pamaliro si pa bwalo la milandu.

Che Saidi: Zoona aphunzitsi. Womwalira timamubisira, sitimuvula.

Agogo Phiri: Sindikunena kuti tizivula akufa, a Mwale. Azakhali anga sanali manyazi a munthu. Anangosowa mzere pa pepala.

Tadala: Bambo Mwale, ndikulemekeza zomwe mwanena, ndipo sindikuti zonse zizinenedwa pa manda. Koma onani chomwe chinapezeka chija. Chinthu chosatchulidwa chimavulala kwambiri pamene zoyandikana nacho zikutchulidwa. Banja litati lisakambe n'komwe za kumudzi, za kumudzizo zingakhale m'mutu momwe zinalili, kumangofooka ndi nthawi. Koma tikamakamba za mudziwo chaka ndi chaka, za mtsinje, za njala, za tsiku lonyamuka, n'kumalumpha munthu m'modzi amene anaima pakhomo tsiku limenelo, ndiye kuti munthuyo tikumukankhira pansi ife tomwe. Ngati sangatchulidwe pa manda, pafunika malo ena oti azitchulidwa.

Nachisale: Ndipo si nkhani ya chisoni chabe. Munthu akafuna kulondola kwawo ku Malawi amafunsidwa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Kungoti Dedza sikukufikitsa paliponse. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndiye mayina ofunika ndi a amayi, a alongo, a malume mwini mbumba. Koma mbiri zomwe timawerenga ndi za ulendo wa mwamuna. Mnyamata wina anabwera kwa ine akufuna kukaona kwa agogo ake, tinatsegula mabuku a bungwe, tinapeza dzina la famu, dzina la mpingo, chaka chomwe anabwera kuno, koma dzina la mudzi ayi.

Mayi a Chisomo, Glen View: Pepani ndilowe. Ndakhala chete ndikuwerenga. Bambo a ana anatisiya chaka chathachi. Aliyense wobwera kudzandipepesa ankafunsa kuti zinayamba bwanji, anadwala nthawi yayitali bwanji, madokotala anati chiyani. Ndafotokoza za kuchipatala mpaka zakhala ngati nyimbo. Tsopano ndikatseka maso ndimawaona ali pa bedi basi, ataonda, dripi ili pa mkono. Tinakhala m'banja zaka zambiri, koma nkhope yawo ali bwino imandivuta kuipeza. Ndinkaona ngati ndikupenga kapena sindinkawakonda mokwanira.

Nambewe: Mayi a Chisomo pepani kwambiri. Simukupenga ayi.

Agogo Phiri: Mwana wanga, ine bambo a Chisomo ndimawakumbukira pa ukwati wa mdzukulu wanga. Chimanga cha pa ukwatiwo chinachedwa kuchigayo, iwo anatenga wilibala n'kukachitenga okha, atavala suti, jekete atapachika pa phewa. Anabwera thalauza lonse lili mbuu ndi ufa, akuseka.

Mayi a Chisomo: Agogo! Suti yotuwa ija. Ndinakangana nawo madzulo ake chifukwa inali yobwereka kwa achimwene awo. Ndinali nditaiwaliratu.

Tadala: Mayi, chikondi chanu sichinachepe. Amanda Barnier ndi anzake anaonetsa mu 2004 kuti kuiwala kotereku kumagwiranso zokumbukira za moyo wa munthu mwini, osati mawu a pa pepala okha. Chisoni chili ndi mphamvu zakezake, sindinganene kuti zonse mukumvazi zachokera pa kufotokoza. Koma mwaona momwe suti yabwerera agogo atangoitchula. Zilimo. Ndipo ife opepesa tili ndi mbali yathu, chifukwa funso lathu limakhala limodzi lokhalo la matenda. Ngati maganizo akukusowetsani tulo, Friendship Bench yomwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare ili ndi agogo ophunzitsidwa kumvetsera, amakhala pa mabenchi pa zipatala zing'onozing'ono za m'makomboni. Ndikuimbirani madzulo ano tikambe patokha.

Aphunzitsi Mwale: Nkhani ya suti yandiphunzitsa kanthu. Komabe pa za mkazi wa kumudzi ndikadali pomwe ndinaima. Zilembedwe m'buku la banja, ana akakula aziwerenga, koma zisamveke pa chinkuzamawu.

Nachisale: Pamenepo tagwirizana bambo. Maganizo anga ndi awa, ndiwapititsa ku komiti Lamlungu. Pepala la mbiri likhale ndi mbali ziwiri, yowerenga pa maliro ndi yosunga. Yosungayo ifunse mudzi, mfumu yaikulu, dzina la amayi, alongo ndi abale onse, amoyo ndi akufa. Ndipo tisadikire maliro. Akuluakulu athu omwe anabadwira kumudzi atsala ochepa, ku Tafara kuli angapo, ku Lydiate kufupi ndi Norton kulinso ena.

Tadala: Tikapita, tisayambe ndi funso loti munabwera bwanji kuno. Limenelo analiyankha kambirimbiri, akangolimva aloweranso njira ya ku Tete mpaka dzuwa kulowa. Tiwasiye ayambe pomwe akufuna. Akatopa tifunse zomwe safunsidwa: nyumba yoyandikana ndi yanu kumudzi inali ya yani, madzi munkatunga ndi ndani, ndani anakuphikirani kamba wa pa ulendo. Zithunzi zakale ndi makalata ngati zilipo azitulutse, zimadzutsa zambiri kuposa mafunso.

Madalitso: Kombi ilipo Loweruka masana, mafuta tisonkherana. Foni yanga ili ndi malo okwanira kujambula mawu.

Agogo Phiri: Amayiwo muziwafunsa paokha, ndipo ofunsa akhale amayi anzawo. Pamaso pa amuna awo kapena akamwini sanena kanthu, amangovomereza za ulendo zomwezo. Nachisale ndi Tadala mulowe nawo kukhitchini.

Che Saidi: Ku Tafara kuli ashehe achikulire awiri ochokera ku Mangochi, amenewo Chichewa amamva koma akakoma nkhani amalowa Chiyao. Ndibwera ndidzamasulire. Ndikatseka pa msika 1 koloko, mundipeze pa Mbare Musika pokwerera za ku Mabvuku.

Nachisale: Chabwino. Amene akupita alembe mayina apa pofika Lachinayi, kuti Madalitso adziwe mipando.